Anaumba Njerwazi Ndani?

Mukafika pachipata cha malire ku Mchinji n'kufunsa kumene Zubeda amakazingira mandasi, wofunsidwayo amayamba wacheuka kaye, kenako n'kukulozerani ndi mlomo kumunsi kwa msewu, kutali ndi pamene malole amaima. Kumeneko n'kopanda malonda kwenikweni. Koma ndi kumene chiwaya chake chili, pansi pa kamsasa ka udzu, ndipo mukamulipira n'kumayang'ana dzanja lake pamene akukupatsani chenje, muona kuti chala chake chachikulu cha kumanja n'chosalala ngati khungu la mwana wakhanda. Chilibe timizere tija tonse tili nato.

Zubeda kwawo ndi ku Nkhotakota. Kuno anabwera ndi mwamuna wake Abudu, telala, amene anamva kuti kumalire madalaivala amang'amba mathalauza tsiku ndi tsiku ndipo wosoka ndi wosowa. Anafika ndi makina osokera, mphasa ziwiri ndi kamtsikana kawo Mwanahamisi. A Mwamadi, mwini sitolo yoyang'anizana ndi chipata, anawapatsa khonde losokerapo ndi kachipinda kuseri. Mwana wachiwiri, Ismaili, anabadwira m'kachipinda komweko, pakati pa matumba a mchere. Sizinali zonona ayi, koma ankadya. Kenako chifuwa chinamugwira Abudu m'nyengo yozizira, chinamuguga mpaka anatsala mafupa, ndipo Ismaili asanayambe n'kukwawa komwe, bambo ake anaikidwa m'manda a Asilamu kuboma.

Chimene anasiya ndi makina aja, ndi kachitini kamene ankaponyamo pang'onopang'ono kuti tsiku lina adzakhale ndi nyumba yawoyawo.

A Mwamadi si munthu wouma mtima. Anadikira maliro azizire, kenako anamuitana Zubeda, maso ali pansi, n'kumuuza kuti mwana wawo wamwamuna akukwatira, ndipo kachipindako kafunika mvula isanagwe. Apo n'kuti mitengo itayamba kale kuphuka masamba ofiira. Zubeda anavomera, nanga akanatani. Ankati akamakanda ufa m'mawa n'kuyang'ana ana ake awiri ali gone pamphasa, manja ankamulemera.

Ndiye pamene anatulukira a Vitus.

A Vitus anali mlembi wa nthambi ya chipani pamalirepo. Ndi iwo ankanena kuti uyu agulitsire apa, uyu apo, uyu asaonekenso. Sankayenda okha, kumbuyo kwawo sikunkasowa anyamata awiri a malaya ofiira, oona makadi a chipani. Mandasi a Zubeda ankawakonda kwambiri, ndipo ankadya ataimirira, akumayamika, osapisa dzanja m'thumba.

“Make Mwanahamisi,” anatero tsiku lina mkamwa muli tho, “ndamva kuti a Mwamadi akukutulutsani. Nanga osandiuza bwanji? Ine ndili ndi nyumba ikungogona makoswe kuseri kwa chigayo. Yanjerwa zootcha, yamalata. Mundipatse kachitini kanu ndi makina aja, basi, nkhani yatha. Tikuthandiza amasiye ife.”

Zubeda sanafunse kuti za kachitini anazimva kwa ndani. Pamalire khoma lililonse lili ndi khutu.

Anapita kukaiona. Inali nyumba ndithu, ya zipinda zitatu, khonde lotakata, mtengo wa mango pabwalo ndi mapapaya kuseri. Mtima wake unadumpha, asaname. Koma Zubeda ndi munthu woyang'ana. Anaona kuti chitseko chinali chatsopano pamene mafelemu anali akale. Anaona kuti pamwamba pa zenera limodzi njerwa zinali zakuda ndi mwaye, ngati wina anayesa kupala n'kutopa. Ndipo atazungulira kuseri, anapeza Mwanahamisi atanjuta pansi pa zenera, akuseka yekha, ataika kadzanja kake pakhoma. Panali njerwa ina yokhala ndi kaphazi ka mwana, tizala tonse tisanu tikuoneka bwinobwino. Mwana wina anaiponda ili yaiwisi, ndipo womanga, m'malo moitaya, anaiyang'anitsa kunja kuti izioneka.

“Kaphazi ka ndani aka, bambo?”

“Aa, ka mwana wa mlongo wanga, kosamva kaja,” anatero a Vitus, osayang'anako n'komwe. “Tiyeni mukaone kukhitchini.”

Lachisanu lotsatira, dzuwa lili paliwombo, anthu ali piringupiringu pachipata, a Vitus anafika pachiwaya ndi anyamata awo. M'manja anali ndi mapepala awiri otayipa m'Chingerezi, lina lenileni, lina la kaboni, ndi kabokosi ka inki yodindira. Pansi pa pepalalo panali chidindo chofiirira cha nthambi.

“Mboni ndi izi ndabwera nazo. Dindani apa, madzulo anyamata adzanyamule makina, mawa mugone m'nyumba mwanu.”

Zubeda anapukuta manja pachitenje. “Zikomo, bambo. Koma Chingerezi ine chinandidutsa. Ndimati wina ayambe wandiwerengera.”

“Si ine ndili pano? Ndikuwerengerani.” Ndipo anawerenga mothamanga, akumasulira: wogulitsa uje, wogula uje, nyumba yakuti, mtengo wakuti.

Abudu anali ndi lamulo lake pantchito, limene Zubeda analimva kambirimbiri ali kuseri kwa khonde. Munthu akabwera kudzasoketsa n'kumafuna kudziyeza yekha, Abudu ankamulanda tepi akuseka, amvekere mwini thupi sagwira tepi, amadzikometsera.

“Mwawerenga bwino,” anatero Zubeda. “Koma malemu bambo a ana anga ankati woyezedwa sagwira tepi. Ndimati awerenge wina wapadera.”

Mmodzi wa anyamata aja anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. A Vitus sanaseke. Anatsitsa mawu, koma anawatsitsa mwakuti aliyense amene anali pafupi amve.

“Mayi, pepalali lili ndi chidindo cha chipani. Kodi mukukayikira chidindo cha chipani?”

Amene anakhalako masiku amenewo akudziwa kuti funso limenelo lilibe khomo lotulukira. Ukati inde, wadzimangirira wekha chingwe. Ukati ayi, ndiye dinda. Amayi ogulitsa nthochi pafupi naye anayamba kusanja nthochi zosanja kale. Dalaivala wina amene amadikira tiyi anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake. Ismaili anali kumbuyo kwa amake, akupuma mofunda pakhosi pawo.

“Kalanga ine, mandasi akupserera!” anakuwa Zubeda, n'kutembenukira kumoto. Anagwira chiwaya ngati akufuna kuchiphula, ndipo chala chachikulu cha kumanja anachikanikiza pamlomo wa chitsulo, pamene mafuta amawirira. Sanachichotse msanga. Amene anali pafupi akuti anamva kununkha.

Kulira kwake sikunali konamizira. Amayi a nthochi anathamanga ndi madzi, wina ndi mchere, wina akuti apake dzira. Pamene phokoso limatsika, chala chinali chitatupa thuza loyera ngati dzira la nkhunda.

“Pepani, pepani,” anatero a Vitus, akuyang'ana uku ndi uku. “Ngozi siinunkha. Komabe chakumanzere chilipo. Dindani ndi chimenecho.”

Zubeda anawayang'ana misozi ili mbwembwembwe. “Lamanzere, bambo? Nyumba yogonamo ana anga ndiilandire ndi lamanzere?”

A Mwamadi anali atatuluka m'sitolo atamva kukuwa. “Zimenezo ndiye ayi, a mlembi,” anatero. “Kwathu kuchisilamu dzanja limenelo lili ndi ntchito yake, ndipo ntchitoyo sititchula pali chakudya.”

Anthu anaphulika kuseka, kuseka kwa anthu amene anabanika nthawi yaitali. A Vitus nawo anasekako ndi mano okha. Zubeda anapezerapo mpata.

“Chikapola ndidinda. Koma la kabonilo ndisiyireni, bambo, ndizigona nalo. Mwina mtima ungakhale pansi kuti nyumba yanga simupatsa wina.”

Mawu akuti nyumba yanga anawakomera. Anamusiyira.

Maloya ali ku Blantyre, ndipo mkazi wa mandasi sangafike pakhomo pawo. Koma kuboma kunali a Francis, mkulu wa ku Rumphi amene anakalambira m'khoti akumasulira milandu, ndipo atapuma ntchito sanabwerere kwawo, anangokhala kuseri kwa msika n'kumaweta nkhuku. Anthu ankapita kwa iwo ndi masamoni, makalata a penshoni, mapepala a malo. Zubeda anasiya Mwanahamisi kwa akazi a Mwamadi, nabereka Ismaili, n'kukwera lole ya mtedza, akuuza aliyense kuti akupita kuchipatala ndi chala.

A Francis ataona chidindo pansi pa pepala, anadzuka, anakatsegula wailesi mokweza, n'kumutengera Zubeda kuseri pafupi ndi khola.

“Nkhuku zanga sizinagule makadi, koma siziulula,” anatero, akukonza magalasi awo omanga ndi ulusi. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mizere, n'kumamasulira liwu ndi liwu. Atafika kumapeto anabwereranso kumayambiriro.

“Mama, pepalali lilibe bodza.”

Zubeda anamva ngati chala chayambiranso kupsa. Ndiye kuti anadziwotcha pachabe?

“Dikirani. Ndati lilibe bodza, sindinati ndi labwino. Munthu amene sakufuna kunama amangokhala chete. Pepala la nyumba limayenera kunena kumene wogulitsa anaitenga nyumbayo. Anamanga yekha? Anagula kwa uje? Anasiyiridwa ndi amalume ake? Ili langoti nyumba ilipo, ngati inamera ndi mvula ngati bowa. Milandu ya nyumba imene ndamasulira ine, yambiri inayambira pamenepa. Wogula ali phee m'nyumba, mwana wabadwiramo, tsiku lina pakhomo odi, mwini wake wafika.”

“Ndiye nditani, bambo?”

“Musafunse kuti nyumbayi ndi ya ndani. Funso limenelo anthu amaliopa, akuyankhani zimene anauzidwa. Mukafunse kuti anaumba njerwa ndani. Njerwa siziumbidwa mobisa. Pamakhala amene anatunga madzi, amene anadula nkhuni za uvuni, amene anamwa thobwa tsiku lootcha. Mukapeza yankho mubwerenso. Ndipo kuno simunafike, mwamva? Munabwera kudzagula tambala.”

Anamugulitsadi tambala, wokalamba, wa nyama yolimba ngati tayala.

Kuchitsime cha kuseri kwa chigayo Zubeda sankatungako, koma anayamba kutungako. Tsiku loyamba anangoseka nawo amayi. Lina anadandaula za chala. Kenako, akutsuka ndowa, anangoti, “Koma njerwa za nyumba ija n'zokongola. Anaumba ndani, ndidzamufune?”

Wina anasenza ndowa yosadzaza n'kumapita. Wina anakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Anatsala mayi mmodzi wachikulire, a Esitele, amene ankachapa mabulangete chapatali. Sanadzutse mutu. Analankhula ngati akulankhula ndi bulangete.

“Madzi a njerwazo ndinatunga nawo ine. Inu munabwera phulusa litazizira, simungadziwe. A mlembi aja anatiuza kuti nyumbayo ikhala ofesi ya nthambi, ndi mmene anakauziranso akuluakulu kuboma. Ofesi yake ndi imeneyo, ya makoswe.” Anafinya bulangete mwamphamvu. “Paja mafuta ophikira mumakagula mbali inayo ya malire? Mukadutsa Mwami pali mayi amagulitsa tomato pansi pa mkuyu, wa chipsera pamphumi. Tomato wake ndi wabwino. Ine sindinanene kanthu.”

Kudutsa malire ndi dengu sikunali kwachilendo kwa Zubeda. A kasitomu a pachipata ankamudziwa, ankangomukwezera dzanja. Zubeda anamupezadi mayi wa chipsera uja. Anali wamng'ono thupi, wosaposa iye msinkhu, wovala mwaukhondo. Zubeda anasankha tomato nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, “Ndachokera kuseri kwa chigayo. Kuli njerwa ina yokhala ndi kaphazi.”

Manja a mayiyo anaima pamulu wa tomato. Anayang'ana msewu, kumtunda ndi kumunsi.

“Ikadalipo?”

“Ilipo. Mwana wanga amaikapo dzanja.”

Dzina lake anali Rozi. Iye ndi mwamuna wake Stefano anali a mpingo uja wokana kugula makadi. Sananene zambiri za usiku umene anathawa, ndipo Zubeda sanafunse za chipsera. Anangoti njerwa anaumba Stefano ndi manja ake, chilimwe chonse, iye akuponda dothi ali ndi pakati. Kaphazi kanali ka mwana wawo woyamba, Benedicto, amene anapulumuka m'manja mwa amake n'kuthamangira pabwalo pamene njerwa zimauma. Stefano anafuna kuiphwanya njerwayo, Rozi anakana.

“Ali kuti tsopano? Wakula?”

“Anatsala kumsasa kuja anatisonkhanitsa titangowoloka. Ana ambiri anatsala kumeneko. Madzi ake sanali abwino.”

Ismaili anadzuka kumbuyo n'kuyamba kulira. Zubeda anamutembenuzira kutsogolo n'kumuyamwitsa, akazi awiriwo akuyang'ana kamutu kake.

“Akukugulitsani nyumbayo, eti?” anatero Rozi. “Gulani, mayi. Ine sindingakudeni. Denga ndi denga, ndipo inu muli ndi ana amoyo. Ife kubwerera kaya, adziwa Mulungu. Bola mukhalemo inu kusiyana ndi iwo aja. Koma mango aja musadule, ndi a boloma.”

Rozi akanamutukwana, bwenzi zitaphweka. Zubeda anabwerera mtima uli pawiri. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri, ndipo mphepo inkanunkha chinyezi. Mwini wake wavomera ndi pakamwa pake. A Francis omwe ananena kuti munthu akhoza kukhalamo zaka popanda womugogodera. Ndani angamunene? Adinde, alowe, ana agone pouma. Akakana, malo ake a pachipata apita, ndipo akakana molakwika, a Vitus afunsa kuti wamva kwa ndani, ndipo dzina lake lilembedwa pamodzi ndi la anthu amene dzina lawo silitchulidwa.

Koma ankati akatseka maso, ankaona makina a Abudu atasenzedwa ndi anyamata a malaya ofiira, akukalowa m'nyumba ya munthu amene anapala mwaye pazenera. Thukuta la Stefano adye a Vitus, la Abudu adyenso a Vitus yemweyo, ndipo iye Zubeda ndiye aikepo chala kuti zonse zakhala bwino. Tsiku lililonse Mwanahamisi aziseweretsa kaphazi ka mwana wakufa. Ndipo tsiku lina zinthu zikadzatembenuka, pakuti palibe mvula yosakata, adzaima pakhomo ndani kuyankha odi? A Vitus?

“Chala changa ndinawotcha ndekha,” anauza a Francis atabwererako. “Sindinachiwotchere kuti chidzadinde zomwezo chitapola. Koma kukana sindingakane. Ndipangireni njira yoti akane a Vitus eni akewo.”

A Francis anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anaseka mpaka kutsokomola. “Mama, mukanabadwa mwamuna bwenzi mutativutitsa m'khoti.” Anatenga pepala loyera n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu zosiyana ndi kalembedwe kawo, m'Chichewa, kuti aliyense amve.

Chala chitapola, Zubeda anatumiza mawu kuti wakonzeka. Anasankha khonde la a Mwamadi, masana, nthawi imene malole amakhala pamzere. Makina anawatulutsa n'kuwaika poonekera, atawapukuta mpaka kunyezimira, kachitini kali pamwamba. A Vitus atawaona anamwetulira mpaka m'makutu.

“Mwaona? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, make Mwanahamisi. Tiyeni.”

Zubeda anamasula kansanza pachala n'kuchionetsa, chofiira, chosalala. Anachiika pamwamba pa inki osachigunditsa.

“Ndadinda kale mumtima, bambo. Kwangotsala kamzere kamodzi koti kalowe m'pepalamo. Akuti ndi mmene amachitira ogula nyumba.” Anatulutsa pepala la a Francis pachifuwa. Sanapatse a Vitus. Anapatsa mnyamata uja anaseka tsiku loyamba. “Achimwene, inu ndi mboni, tiwerengereni.”

Mnyamatayo, pofuna kuonetsa kuti sukulu anapitako, anawerenga mokweza:

“Ine wogulitsa ndikulumbira kuti nyumbayi ndinamanga ndekha, kapena ndinaipeza mwachilungamo kwa...” anaima. “Apa pali mpata wolembapo dzina. Ndipo ndikuvomera kukanena mawu omwewa pamaso pa a majisitireti ndi pamaso pa akuluakulu a chipani kuboma, wogula asanapereke kanthu.”

Amayi a nthochi sanasanje nthochi ulendo uno. Anangoti maso tong'o. Chakumbuyo, pafupi ndi mpanda, a Esitele anali ataima ndi mtolo wa nkhuni pamutu, ngati wongodutsa.

A Vitus anayang'ana kampata kaja. Akalemba kuti anamanga okha, ndiye kulumbira pamaso pa anthu amene anatunga madzi a njerwazo. Akalemba dzina la Stefano, ndiye kuti mlembi wa nthambi anachita malonda ndi wokana khadi, ndipo walemba yekha ndi dzanja lake. Ndipo njira zonse ziwiri zikukathera kuboma, kwa akuluakulu amene mpaka lero akudziwa kuti kuseri kwa chigayo kuli ofesi. Anyamata awiri aja nawo anali akuyang'anizana. Kaya iwo analonjezedwa chiyani pa nyumba imeneyo, sitidziwa, koma nkhope zawo zinkawerengera.

“Wakulemberani ndani zimenezi?”

“Munthu wina palole, bambo. Ine wosadziwa kuwerenga ndingadziwe bwanji wolemba?”

“Mukudziwa amene mukusewera naye?”

“Sindikusewera, a mlembi. Makina ndi awa, chala ndi ichi. Inu lembani kumene munaitenga, tikwere limodzi kuboma, ine ndilipira ulendo. Kapena pali chovuta? Paja munati kaphazi kaja ndi ka mwana wa mlongo wanu. Alongo anuwo abwere adzachitire umboni, ndiwaphikira tiyi.”

Chala chija Zubeda sanachichotse pamwamba pa inki. Anachisiya pomwepo, chikudikira.

A Vitus anatsomphola pepalalo m'manja mwa mnyamata, analing'amba pakati, n'kuling'ambanso, zidutswa n'kuziika m'thumba, osazitaya pansi. Anatseka kabokosi ka inki mwakuti Zubeda akanachedwa kakanamupana.

“Nyumbayo sindikugulitsanso. Ndi ya chipani, sigulitsidwa. Ndimangokuyesani.” Anatembenuka, kenako anabwerera. “Ndipo malo mumakazingirawo akufunika. Mawa ndisapeze chiwaya pachipata pano.”

“Zikomo, bambo,” anatero Zubeda, n'kugwada pang'ono monga mwa ulemu. “Mandasi a ngongole aja ndakhululuka.”

Wina kumbuyo anapisa mluzu. Sanadziwike.

Mvula inagwa iye alibe nyumba. Zimenezo tisabise. A Esitele ndi abale awo aakazi anamudulira kachigawo m'mphepete mwa munda wawo, kumunsi kwa msewu, ndipo Zubeda sanakhomepo ngakhale chikhomo mpaka onse a mbumba imeneyo atabwera, pamodzi ndi mlongo wawo wamkulu wochokera kwa Mlonyeni, n'kuyenda naye malire kuchokera pachulu mpaka pamtengo wa msuku, aliyense akunena ndi pakamwa pake kuti wavomera. A Francis anazilemba, ndipo ulendo uno pepala linanena kumene malowo anachokera. Podinda, chala chinangosiya chibanga chakuda chopanda mizere. A Francis anati chomwecho n'chokwanira, palibe wina m'boma lonse ali ndi chidindo chotero.

Dzinja limenelo anagona m'kanyumba ka mitengo ndi matope kamene kankadontha pakona. Lona yabwino anafunditsa makina, iye ndi ana n'kumasunthira mphasa kouma. Ismaili anadwala chifuwa mpaka Zubeda anafika podzifunsa ngati sanalakwitse. Anachira. Malonda anatsika, pakuti dalaivala wanjala sayenda mtunda kufuna mandasi. Koma ena amayenda. Amabwera, amagula, salankhula zambiri, ndipo ena amasiya chenje osachifunsa. Makadi amagula chaka ndi chaka, lake ndi la mwana wa kumbuyo lomwe akamuuza kutero, ndipo anyamata a malaya ofiira akafika amawatulutsira asanafunse.

Nyumba ya kuseri kwa chigayo ikadali yokhoma. Ofesi sinatsegulidwe, wogula wina sanapezeke. Mango amagwa n'kuwolera pansi, ana amaopa kutola.

Chilimwe chitafika, Zubeda anabwereka chikombole choumbira njerwa. Makina anawabwereketsa kwa telala wina wa kuboma amene amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo kachitini kanagula nkhuni za uvuni ndi malata ochepa. Dothi ankaponda yekha m'mamawa asanayatse moto wa chiwaya, Mwanahamisi akuthira madzi ndi kachibekete. A Esitele ankabwera kudzathandiza kusanja, akudandaula za msana.

Tsiku lina Ismaili, amene anali atangoyamba kuyenda dedede, anapulumuka n'kulowa pakati pa mizere ya njerwa zaziwisi. Asanamugwire anali ataponda imodzi, n'kugwa chagada, n'kuyamba kulira.

“Iwe kamwana iwe!” anakalipa a Esitele. “Bweretsani njerwayo kuno ndiibwezere m'chikombole isanaume.”

Zubeda ananyamula mwanayo n'kumupukuta kuphazi ndi chitenje. Anayang'ana njerwayo, tizala tisanu, kachidendene.

“Isiyeni, amayi,” anatero. “Imeneyo ikhala pansi pa zenera, choyang'ana kumsewu. Wina akadzafuna kuigulitsa nyumbayi, adzayambe wafotokoza kaphaziko.”